Galimoto Imene Inasiya Kuyetsemula

Mayi woyeza malo anabweza galimoto Lachiwiri m'mawa, patangotha masiku anayi chiitengereni pagalaja pathu. Anaimika pakhomo penipeni, pomwe timaletsa anthu kuimikapo, n'kutuluka makiyi ali m'manja.

"Amisiri, galimoto yanga mwaitani? Yasiya kuyetsemula."

Amisiriwo ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu. Galaja ndi yawo. Ine anangondipatsa ngodya ya kumanzere, komwe ndimakonzerako zamagetsi a galimoto. Takhala pansi pa denga limodzi zaka khumi ndi zisanu, iwo ndi zitsulo zawo, ine ndi mawaya anga, ndipo aliyense amasamala zake. Pa nthawiyo alamuwo anali chagada kunsi kwa kalole ka munthu wina, miyendo yokha ikuoneka. Mayiyo anaitana kachiwiri. Ndinachita kudzuka n'kukagogoda nsapato yawo ndi phazi kuti atuluke.

Ndinene pano pomwe kuti musavutike: makutu a alamu anga anali akutha. Sanauze munthu, ndipo panalibe amene anawauza. Koma anthu ankabwera pagalaja pathu chifukwa cha makutu omwewo. Ankadutsa magalaja a makompyuta, a pansi posalala ndi mayunifomu, kudzaima pamatope athu kuti galimoto yawo imvedwe. Ankati mkuluyu galimoto ikamalowa pageti amakhala atadziwa kale chimene chikuivuta. Zikanadziwika kuti sakumva, pakanatsala nkhalamba ya masipanala ngati ina iliyonse, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine.

Chimene chinawabisa zaka ziwiri ndi sikuludilaiva yawo yaitali ngati mkono. Nsonga ankaika pa injini, chogwirira n'kuchikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu. Chitsulo chikamagogoda chimamveka kudzera m'fupa, makutu afune asafune. Choncho pisitoni yogunda kapena bering'i yotha ankazigwirabe, anthu n'kumapukusa mitu kuti koma mkulu ameneyu. Tsoka lake, vuto la mayiyu linali la mpweya, ndipo mpweya ulibe poika sikuludilaiva.

Galimoto yake ndi ya tabo. Tabo ndi kachipangizo ka mapiko kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini ukamaponda moto. Ukachotsa phazi kuti usinthe giya, kachitseko kolowera mpweya kamatsekeka mwadzidzidzi, mpweya wokankhidwa uja n'kusowa kolowera. Pamenepo valavu ina imatseguka n'kuutayira kunja kamodzi. Ndiko kuyetsemula kumene mayiyo ankanena. Valavuyo ikapanda kutseguka, mpweya umabwerera n'kukamenya mapiko a tabo, ndipo ukamenya masiku angapo tabo imafa.

Sabata yapitayo galimotoyo inabwera ikuwira, madzi atasakanikirana ndi oyilo. Gasiketi, chomatira pakati pa mutu ndi thupi la injini, inali itapsa. Alamu anachotsa mutu, anakaupalitsa, anaika gasiketi yatsopano n'kumanga mabawuti mwa dongosolo lake, kuyambira pakati. Inali ntchito yabwino, sindinganame. Koma kuti uchotse mutu umayamba wazula timapaipi ta mpweya tokwana khumi, tonse takuda, tonse tofanana ngati ana a mimba imodzi. Amakaniko ena amatijambula pafoni asanazule, ena amamata tepi n'kulembapo. Alamu zimenezo ankaziseka. Ankati akasokoneza injini iwauza yokha, ndipo kwa zaka makumi atatu inkawauzadi.

Anatuluka kunsi kwa kalole akupukuta manja, maso ali pamilomo ya mayiyo.

"Mwati yatani, mayi?"

"Kale ndikachotsa phazi inkayetsemula kamodzi, bwinobwino. Pano ikumveka ngati muli njiwa ikukupiza mapiko m'bonetimu. Ndiye mawa ndili ndi ulendo wautali, wa zitunda zokhazokha."

"Tailizeni."

Mayiyo analiza injini. Alamu anatsegula boneti, anakoka waya wa moto ndi chala, injini inakalipa, n'kusiya. Njiwa ija inamvekadi, chapansipansi. Iwo anapendeketsa mutu, maso atatsinzina, ngati munthu amene akulawa mchere m'ndiwo.

"Ehe. Ndamva. Ndi kanthu kakang'ono aka. Mubwere nthawi ya folo."

Mayiyo anasiya makiyi n'kunyamula chikwama chake cha mapu. Zaka zisanu ndi zinayi galimoto zake zonse zinkakonzedwa pomwepa, choncho sanafunse zambiri. Ine ndinabwerera ku alitaneta yotchajira batire imene ndinali nditaimasula. Za tabo si zanga, ndipo sindinafunsidwe.

Koma ngodya yanga ilibe chitseko, ndiye ndinkaona zonse. Alamu anayamba ndi zimene maso angathe. Anasungunula sopo m'botolo, anabowola chivindikiro ndi msomali, n'kumathira madziwo polumikizana mapaipi paliponse injini ikulira. Pa paipi yaikulu yochokera ku tabo, pafupi ndi lamba wachitsulo womangira, panatuluka thovu. Linali lochepa, koma linali thovu ndithu.

"Ndaigwira mbava!" anatero, osayang'ana munthu.

Anamanga lambayo mpaka thovu linaleka. Kenako anamasula valavu yeniyeniyo, kanthu kofanana ndi kapu ya tiyi, n'kupita nayo pathebulo. Anakankha pisitoni yake ndi chala chachikulu, inayenda bwino n'kubwerera. Pamwamba pake pali kamlomo kolowa kapaipi kakang'ono. Anakapukuta ndi malaya, anakaika pakamwa n'kuyamwa, pisitoni inakwera. Anatseka ndi lilime, inakhala pomwepo osatsika.

"Valavu ili moyo," anatero, akulavula.

Anadula kagasiketi kake katsopano papepala lolimba, ndi lumo, mosafulumira, n'kuibwezera. Kapaipi kaja anakalowetsa pomwe anakapeza. Anatseka boneti ndi manja awiri n'kuima kaye akuyang'ana makiyi.

"Alamu," anandiitana, "tiyeni mundiperekeze. Mwakhala tsiku lonse mukununkhiza mawaya, muzipitidwako mphepo."

Pa zaka zonse zija anali asanandiitanepo kukayesa galimoto. Ankapita okha, windo lotsegula, chigongono panja. Ndinavula magalasi n'kukwera.

Kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu kuli msewu wowongoka wokwera mpaka pathanki ya madzi. Amakaniko onse a m'dera lathu amayesera galimoto kumeneko, moti phula lake ndi la mizere yakuda yokhayokha. Alamu anaika giya yachiwiri, anaponda moto, galimoto inatikankhira m'mipando. Anachotsa phazi. Njiwa inakupiza mapiko mokweza, tututututu, mpaka munthu wina wa panjinga anatembenuka. Anaika yachitatu, anapondanso, anachotsanso. Zomwezo. Pafupi ndi thanki anabwereza kachitatu.

Anandiyang'ana akumwetulira.

"Mwamvatu? Yabwerera mwakale."

Ndinachita manyazi ngati ndawapeza akusamba. Ndinayang'ana kunja n'kungoti, "Mm." Iwo anatembenuza galimoto, ndipo njira yonse yobwerera ankandifotokozera za malamba achitsulo a masiku ano, kuti ndi opepuka ngati chitini cha nsomba.

Titafika ndinakhala pansi n'kugwira alitaneta ija, koma palibe chimene ndinkachita. Alamu anasamba m'manja, anachotsa chinsalu chimene amayala pampando wa dalaivala, n'kuyamba kupukuta ndi nsanza zidindo za zala zawo paboneti. Wotchi ya pakhoma inali itangopitirira wani.

Ndinaziyeza mbali zonse. Folo ikakwana mayiyo atenga galimoto, asanafike pakona amva njiwa yake, abwerera, ndipo anena pamaso pa wowotcherera zitsulo wa pafupi nafe ndi anthu a matayala onse. Akapanda kumva chifukwa cha wailesi, tabo ikafera pachitunda, kutali, ndipo nkhani yake idzafika kuno isanafike galimoto. Ndinakwiyanso, kunena zoona. Anandikweza m'galimoto muja kuti awerenge nkhope yanga, ine n'kuwapatsa nkhope yabodza, ndiye tsopano mlandu unali wa tonse awiri. Munthu wa mawaya ndalowa bwanji m'zimenezi?

Ndinadzuka.

"Alamu, sinayetsemule."

Anali atandifulatira, akupukutabe. Sanatembenuke. Ndinachita kuzungulira galimoto yonse kukaima kutsogolo kwawo, kuti aone pakamwa panga, n'kunenanso.

"Sinayetsemule. Njiwa ija ikadali momo."

Dzanja la nsanza linaima.

"Inu za tabo mwaziyamba liti? Munthu woti babu ikapsa mumayitanitsa msonkhano."

"Sindidziwa kanthu za tabo. Koma yalira katatu konse. Mpaka wa panjinga anacheuka."

"Ndiye munali duu bwanji m'galimoto muja?"

"Ndimadikira kuti munene ndinu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, kapena kuuzidwa kuti ndilongedze mawaya anga ndikafune denga lina. Iwo anapinda nsanza ija kanayi, bwinobwino, anaiika m'thumba la ovolosi, n'kutsegula boneti.

Sanandithamangitse, choncho ndinaima pomwepo. Anayamba kulankhula okha, monga amachitira mutu ukagwira ntchito.

"Valavu ili moyo. Mpweya sukuthawa. Ndiye ngati ili moyo koma sikutseguka, palibe amene akuiuza kuti itseguke."

Amene amaiuza ndi kapaipi kakang'ono kaja. Kamachokera kuseri kwa kachitseko ka mpweya. Kachitseko kakatsekeka, injini imayamwa m'kapaipimo, ndipo kuyamwa kumeneko ndi kumene kumakoka valavu kuti itseguke. Alamu analiza injini, anazula kapaipiko pa valavu, n'kutseka kukamwa kwake ndi chala chachikulu. Kanayenera kugwira chalacho. Sikanagwire. Anachotsa chala, anabwezeranso, anakapinda, anakawongola. Panalibe kanthu.

Anazimitsa injini n'kuyamba kukalondola ndi zala, kulowa nako kunsi kwa chitsulo chogawa mpweya, komwe maso safika. Mkono unalowa mpaka m'chigongono, tsaya litagona pa injini yotentha. Ndinawagwirira tochi, ngakhale inalibe ntchito. Kumeneko kuli timilomo tiwiri toyandikana, totalikirana zala ziwiri zokha. Kamodzi kali kuseri kwa kachitseko, komwe kumayamwa. Kena kali kutsogolo kwake, komwe sikuyamwa ngakhale pang'ono. Kapaipi ka valavu kanali pa ka kutsogolo, ndipo pamalo pake panali kapaipi kena ka ntchito ina.

Anatulutsa mkono, wakuda mpaka m'mwamba, n'kuima akuyang'ana mu injinimo.

"Ndine ndinaika pamenepa," anatero. "Lachisanu. Ndinailiza, ndinakayenda nayo mpaka pathanki, n'kuipereka kwa mwini wake."

Ndinazimitsa tochi.

Kusinthanitsa timapaipi tiwirito kunatenga mphindi imodzi. Analizanso injini, anaika chala, kapaipi kanachigwira kuti gwa. Anakweza dzanja kundionetsa kali lende pachalapo, n'kukasomeka pa valavu. Kenako anang'amba kampepala ka nyuzi kotalika ngati chala, anabwereka tepi yanga yakuda popanda kupempha, n'kukamata pakamwa potulukira mpweya. Anakoka waya wa moto n'kusiya. Kampepala kanagwedezeka pang'ono. Anakokanso. Kanagwedezekanso, koma mphepo ya fani nayo inali ikuwomba chapomwepo.

"Poima sizitsimikizika," anatero. "Imafuna chitunda."

Anamatula kampepala n'kutseka boneti. Ulendo uno sananene za mphepo kapena za kununkhiza mawaya. Anangoyalanso chinsalu pampando, anakhala, n'kusiya injini ikulira, maso kutsogolo. Ndinatseka bokosi langa la zida n'kukakwera.

Pamsewu uja panalibe anthu, nthawi ya nkhomaliro inali isanathe. Giya yachiwiri, moto, galimoto inatikankhira m'mipando. Anachotsa phazi. Inayetsemula kamodzi, bwinobwino, monga mwini wake ankafunira. Alamu sanandiyang'ane. Yachitatu, moto, phazi. Inayetsemulanso. Anabwereza chakumtunda. Tinafika pathanki, pomwe aliyense amatembenukira, iwo anapitirira pang'ono n'kupatukira m'mphepete, pansi pa chikwangwani chakale chofufutika. Anakoka handibuleki, manja onse awiri n'kuwabwezera pachiwongolero.

"Yatani?"

Ndinatembenuka kuti andione bwino.

"Yayetsemula."

"Kangati?"

"Katatu. Paliponse pomwe munachotsa phazi."

"Njiwa?"

"Yasamuka."

Anagwedeza mutu. Lole ya mchenga inadutsa, galimoto yathu n'kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti tsopano titembenuka, koma iwo sanagwire giya.

"Zinayamba ndi mbalame," anatero, akuyang'ana msewu. "Ndinkangoti zasamuka chifukwa adula mitengo. Kenako foni. Kenako mlongo wanu akamalankhula ali kuchipinda china."

"Iwowo akudziwa?"

"Mwati?"

"Mlongo wanga akudziwa?"

"Akuti ndayamba mwano ukalamba uno." Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. "Bola mwano."

Anakanda oyilo wouma pachala ndi chikhadabo. Ine ndinkayang'ana geji ya kutentha, imene inali pakati, pamalo pake. Gasiketi ija anaiika bwino.

"Mavalavu amenewa ndakonza osawerengeka," anatero. "Ndinkatha kudziwa sipuling'i yofooka galimoto ili kutsidya kwa msewu. Lero m'mawa mayi uja akufotokoza, ndimayesa kukumbukira kulira kwake. Sindinakupeze. Ndimadziwa kuti kulipo, koma m'mutumu mulibe." Anatembenuka. "Imamveka bwanji?"

"Nanga ndifotokoze bwanji, alamu? Imangoyetsemula."

"Tachitani."

Ndine munthu wa imvi, wa ana atatu, wina ali pabanja. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali amene akutiona. Kenako ndinakoka mpweya, ndinaluma mano, n'kuutulutsa kamodzi: psss.

Maso awo anali pamilomo yanga.

"Bwerezani."

Ndinabwereza mwamphamvu, mpaka malovu anagwera pa dashibodi. Anasendeza mutu pafupi, khutu lakumanzere, kenako anatembenuza lakumanja. Ndinachitanso, kachitatu, kachinayi, m'khutu mwenimweni. Zinali zoseketsa, amuna awiri akuluakulu m'galimoto ya mwini, koma kachisanu mpweya sunatuluke.

Alamu anabwerera pampando wawo. Anatulutsa nsanza ija, anapukuta dashibodi, n'kuibwezera m'thumba.

"Ayi," anatero. "Mphepo yokha ndiyo ndaimva patsaya."

Anagwiranso chiwongolero, injini ikulira pansipansi, n'kupitiriza.

"Mayi uja akabwera ndimuuza kuti waimva ndinu."

"Palibe chifukwa, alamu. Galimoto yatheka. Atenge azipita."

"Chifukwa chilipo. Tsiku lina adzabweranso ndi ina, ndipo adzandiuza kuti ndimve." Anaponda kalachi. "Ndi bwino adziwe amene akumva."

"Akadziwa mmodzi adziwa onse."

"Ndikudziwa."

Anayatsa indiketa, anayang'ana pagalasi kawiri, n'kulowa mumsewu. Tinatsika pang'onopang'ono, osaponda moto. Indiketa sinazime yokha. Inkangogogoda, tiki taka, tiki taka, tikudutsa nyumba za katundu, tikudutsa mizere yakuda ya paphula. Dalaivala wa minibasi amene anali kumbuyo kwathu analiza hutala, akudikira kuti tikhote. Alamu ankayendetsa mowongoka, maso kutsogolo.

Ndinatambasula dzanja kudutsa pachiwongolero n'kuizimitsa. Anayang'ana dzanja langalo, kenako msewu.

"Zikomo," anatero.